Masiku Atatu a Mkamwini ndi Mwana Wokana

Ndani waseka kumbuyoko? Ndinu a jekete yofiira inu? Sekani, sekani mpaka mano a m'kati aonekere, koma mudziwe kuti mwana mwamunyamula ngati thumba la feteleza wonyowayo akanakhala m'manja mwanga, bwenzi pano ali chete akuyamwa chala. Mwaperekeza akazi anu ku sikelo kuno, mwangokhala pansi pa mtengo uno kanthawi kochepa, thukuta lili kamukamu, mwayamba kale kusuzumira pakhomo kuti amayi ake atuluka liti. Ine Yesaya ndinakhala ndi mwana wa zaka ziwiri masiku atatu athunthu, ndekha, popanda mkazi, popanda mlongo, ndipo sanali mwana wamba ngati tiana tanu tofatsati, anali Esinati wanga woyamba. Amene akuti ndi bodza anyamuke pompano adzagwire chipsera chili pamphumi pangachi, akatero akhale pansi amve chimene chinachibweretsa.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini konkuno kwa Dzoole, kwathu kwenikweni ndi kuseri kwa Madisi. Ndinali nditalimira apongozi zaka zinayi, kuwamangira chigafa cha fodya, kuwafolera nkhokwe, ndipo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi chokha: chitengwa. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga Nambewe ndi mwana tikakhale kwathu, pa nthaka ya bambo anga, kumene mwamuna amatsokomola mmene akufunira. Anyamata a lero simukuchidziwa chikamwini cha nthawi yathu inu. Apongozi aakazi sunkawayang'ana kumaso, sunkalankhula nawo, sunkaponda pabwalo pawo, ndipo ukawaona akubwera panjira unkalumphira patchire, kaya pali minga kaya pali njoka, unkadziwira komweko. Pakakhala mawu ankadutsira mwa mwana: iwo atatembenukira uko, iwe utatembenukira uku, mwana pakati kumanyamula mawuwo.

Ndiye mng'ono wake wa Nambewe ali woyembekezera anapita kukadikirira kuchipatala ku Madisi, Nambewe n'kunena kuti akakhala gadiyani womusamalira masiku atatu, Esinati amusiya kwa amayi ake. Ine pakamwa panga pano, pamene panandiika m'mavuto ambiri, ndinati, "Mwana ali ndi bambo wake, apite kwa agogo kukatani?" Mawuwo anawamva aZakeyu, amalume ake a Nambewe, eni mbumba, amene ndinali nditawatopetsa ndi nkhani ya chitengwa.

"Akamwini," anatero, "kwanu kulibe mayi, kulibe mlongo. Nambewe akadzadwala kumeneko, mwanayu adzalera ndani? Chabwino, tione. Masiku atatu awa mwana asaponde pabwalo pa agogo ake, ndipo mayi ake adzampeze wokhuta, wosamba, wopanda bala. Mukakwanitsa, tengani mkazi wanu. Mukalephera, za chitengwa muzikwirire, tisadzazimvenso."

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Nambewe sanaseke. Anamanga chitenje chake, n'kundiyang'ana mwachisoni, ati, "Bambo a Esinati, mwanayu mukumudziwa koma?" Ine ndati pitani, minibasi ikusiyani.

Esinati nthawi imeneyo ankadziwa mawu awiri okha, "ayi" ndi "changa", koma ankawagwiritsa ntchito kuposa loya. Tsiku loyamba ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, phala loti fungo lake agalu a midzi itatu anabwera kudzakhala pamzere, ndinayala mphasa, ndati, "Esinati, yasama." Mwana anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati wogula ng'ombe, anakoka mpweya mpaka kamimba kanakhala ngati mpira, n'kutulutsa "Ayi!" mmodzi yekha, ndipo ndikukuuzani Mulungu akuona, ayi ameneyo anasasula udzu wa padenga la khitchini, anagwetsa mapapaya osapsa, nkhuku ziwiri zinaikira mazira zili chithamangire, iye n'kupitirira ulendo wake kudutsa madambo onse mpaka kukagunda phiri la Ntchisi, n'kubwerera, ndipo poti njirayo ndi yaitali komanso yokumbikakumbika anadzafika pakhomo dzuwa litapendeka, nthawi yeniyeni imene ndinali kunena kuti "Esinati, tiye ukasambe," moti mwana sanavutike n'kutsegula pakamwa komwe, ayi wam'mawa uja ndiye anandiyankha. Mukumva?

Koma tibwerere ku phala. Atakana, anandilanda supuni, ine n'kumulanda, ndipo apo ndiye ndinaona chimene amayi amatisungira ife abambo osatiuza. Mwana anadziponya pansi khuu! n'kuyamba kugubuduka, tizidendene tikumenya nthaka, pakamwa pali yasa, fumbi n'kukwera m'mwamba mpaka anthu a ku Madisi anayamba kuanula zovala poyesa kuti kukubwera kamvuluvulu. Wina akanagwira njakata. Ine, poti mutu uwu suli wongonyamulira chipewa, ndinayang'ana pamene wadutsa, ndaona nthaka yatembenuka bwinobwino ngati padutsa makasu khumi. Ndinamunyamula ali chilirire mpaka kumunda wa fodya, ndamukhazika poyambira, ndamupatsa supuni, waleka, ndamulanda, wayamba, gubudu gubudu mpaka kumalire, tizidendene tikuunjika dothi mbali iyi ndi iyi, ndathamanga ndakamutembenuza, ndamupatsa, ndamulanda, wabwerera, ndipo mmene dzuwa linkafika pamutu munda wonse unali utaungidwa mizere yowongoka ngati ya m'kope la sukulu, moti mlangizi wa zaulimi atadutsa pa njinga yake anatsika, anavula chipewa, n'kundifunsa kuti thalakitala imeneyi ndabwereka kuti. Ndinangomulozera mwana akutola chiwala. Mukuseka chiyani? Mundawo ulipo mpaka lero, kafunseni.

Munda unalimika, koma mimba ya mwana inali pululu, ndipo aZakeyu anali atanena kuti wokhuta. Madzulo ndinakhala pakhonde ndi mbale ya phala lachitatu, mutu waima, ndikuona chitengwa changa chikupita ndi madzi. Mkwiyo unandigwira, ndati, "Chabwino, usadye! Phala ili ndi langa, usaligwire n'komwe!" Ha! Mwana anatembenuka ngati wamulasa. "Changa!" Anatsomphola mbale, n'kumeza phala lonse osapuma, n'kunyambita mbaleyo mpaka inabooka pakati, tinkasefera ufa pambuyo pake.

Nzeru imeneyo, anyamata inu, ndinaitulukira ndine, pakhonde panga, ngakhale lero anthu amaiphunzitsana osatchula dzina langa. Mwana wa zaka ziwiri umamuuza chozondoka. Ndati "usavale diresi," wavala mpaka kumanga mabatani yekha. Ndati "usakakodze kuseri kwa nthochi," wathamangira komweko, nsapato zanga za kutchalitchi n'kupuma kwa nthawi yoyamba chibadwire chake. Ndati "usagone," mkonono nthawi yomweyo. Ndinagona tsiku limenelo ndikuwerenga m'mutu mitengo ya nyumba imene ndikamange kwathu.

Tsiku lachiwiri linali la "changa". Mbuzi ya mnansi, changa. Wailesi, changa. Ngolo inkadutsa pamsewu itasenza mitengo ya chigafa, mwana anangoloza n'kuti changa, ng'ombe zija zinaima njii, mwini wake anazikwapula, anazinyengerera, anazitchula mayina, osasuntha, mpaka bambo wa imvi zake anagwada pamaso pa kamwana kopanda nsapato kupempha kuti ambwereke ngolo yake yomwe. Zimenezo sizinandivute. Chinandivuta ndi kusamba. Pamenepo pokha nzeru yanga inakanika: ndikati samba, ayi, ndikati usasambe, ankagwedeza mutu kuvomereza ngati mkulu wa mpingo. Ndipo musaiwale kuti dzulo lake anali atalima munda ndi thupi, anali katondo yekhayekha, maso okha kuoneka.

Tsono tamverani. Kunadutsa kamtambo kamodzi, kakang'ono ngati lichero, kakupita kwawo osalakwira munthu. Esinati anakaloza, "Changa!" Kamtambo kaja kanaima, kanatsika, n'kuyamba kumulondola pambuyo ngati kamwana ka mbuzi, iye kukhitchini nako kukhitchini, iye kunkhokwe nako kunkhokwe. Ine ndinatsamira khoma n'kutseka maso pang'ono, osati kugona, mundimvetse, ndinangopumitsa zikope, ndipo potsegula ndinapeza mwana wasamba mbee, khungu likunyezimira, tsitsi lapesedwa, diresi wavala lina, m'kamwa mukununkhira mbatata yootcha. Mtambo umenewo! Unamusambitsa kawiri tsiku limenelo, masana ndi madzulo, nthawi zonse ine nditangopumitsa zikope. Mukuyang'anana chiyani? Mitambo ya kale inali ndi khalidwe, si iyi ya masiku ano yongodutsa osapereka moni.

Linafika tsiku lachitatu, tsiku lobwera Nambewe, ndipo ine ndinali kuyenda ngati tambala, chifuwa patsogolo. Ndinakhala pamphasa kusankha nyemba zoti ndiphike ndiwo, mkazi adzaone kuti wakwatiwa ndi munthu. Esinati anakhala pambali panga n'kutola nyemba imodzi yofiira, anaiyang'ana, anayang'ana ine, n'kuyamba kuikwezera kumaso pang'onopang'ono. Apa ndiye ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Mtima wa bambo unathamanga kuposa mutu, ndinakuwa zoona zenizeni osazizondotsa: "Usaike m'mphuno!"

Lowu! Yalowa.

Ndinayesa kaudzu, ndinayesa nthenga ya nkhuku, ndinamugwira miyendo n'kumugwedeza chozondoka, m'thumba la diresi munagwa machesi anga, mabatani anayi ndi chule wamoyo, koma nyemba ayi. Ndipo kumbukirani kuti mphuno ya mwana ndi dimba losauma, komanso mwanayo anali atakhuta phala langa la nsinjiro, chonde chokhachokha, ndiye ndisanapeze n'kawaya komwe nyemba inali itamera, timasamba tiwiri tasuzumira kunja, ndikuti ndipenyetsetse yayamba kuyanga, yazungulira khutu, yatsikira paphewa, yagwira pansi, mmene dzuwa linkafika pamutu inali itatalika mikono makumi awiri, yachita maluwa, njuchi zili ng'waa kuzungulira mwana wanga. Esinati anachita mantha n'kutulutsa mawu achitatu amene sindinkadziwa kuti ali nawo: "Agogo!"

Mantha amapusitsa munthu, abale inu. Ine yemwe, mwini nzeru, ndinakuwanso zoona kachiwiri: "Usapite kwa agogo!"

Liwiro lake! Ndinangoona tizidendene. Ndinadziponya n'kugwira nsonga ya nyemba ija kuti ndimukoke, koma anakoka ndi iye. Kwa apongozi kunali pafupi, kungodutsa dimba limodzi, koma mwana wa zaka ziwiri sayenda njira yowongoka, ndiye anandikhwekhwereza chamimba kukwera chitunda, kutsika chigwa, kuwoloka mtsinje, kuthamangitsa gulugufe mpaka pamsika wa Madisi, pamene amayi a ndiwo anathyola zitheba pa nyemba ija ife tikudutsa mpaka kudzaza mabeseni, n'kukhota pafupi ndi chipatala, ine kubisa nkhope kuti Nambewe asandione pawindo, n'kubwerera njira ya kumjigo, malaya atatsala kolala yokha, mabondo akutuluka utsi. Mukumva? Ndipo panjira ya kumjigoyo ndani akubwera ndi ndowa pamutu? Apongozi! Mwambo ndi mwambo, ndinalumphira patchire osasiya nyemba, n'kugwera m'chitedze. Mwana anazungulira chulu n'kunditulutsira panjira yomweyo, apongozi ali pomwepo, ndinalumphiranso, chitedze chomwecho. Kachitatu chitedzecho chinachita kundimvera chisoni, chinapatuka chokha.

Mapeto ake ndinamva nthaka yosalala, yosesedwa bwino, ikundipala chibwano. Nditakweza maso ndinaona mapazi awiri ndi ndowa ikutsitsidwa. Ndinali pabwalo pa apongozi, chafufumimba, pamalo pamene ndinali ndisanapondepo zaka zinayi. Ndinatola dengu linali pafupi n'kudzivindikira kumutu mpaka m'mapewa. Iwo anatembenukira kunkhokwe, monga mwa mwambo, n'kuyamba kulankhula kudzera mwa mwana.

"Esinati, uwauze bambo ako asiye kukoka chinthucho."

"Ayi!"

Ine m'dengu muja ndati, "Esinati, uwauze agogo kuti ndapepesa, sindinabwere dala."

"Ayi!"

Mthenga wakana mbali zonse ziwiri, ndipo mpweya wayamba kumuvuta, akulira mosasa mawu. Kenaka ndinamva apongozi akutsonya, mapazi aja n'kutembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire changa mayi amenewo anandilankhula mwachindunji: "Inu, tadzukani apo mugwire mutu wa mwanayu."

Ndinagwada n'kugwira mutu, ndikuonera m'timipata ta dengu. Iwo anadula chiyangayanga chija ndi chikhadabo, anatseka mphuno yopanda nyemba ndi chala, anaika pakamwa pawo pakamwa pa mwana, n'kuuzira kamodzi kokha, phuu! Nyemba inatuluka ngati chipolopolo, inaboola dengu, inandimenya apa, apa pamene ndikukuuzani kuti mugwirepa, n'kunjanja, pyooo kulowera kum'mawa, inakagwa kuseri kwa Ntchisi boma, ndipo ngati munadabwapo kuti nyemba za kumeneko zimachita bwino chifukwa chiyani, lero mwadziwa kuti mbewu yake inachokera m'mphuno mwa mwana wanga.

Esinati anayetsemula, anaseka, n'kukwera pamiyendo pa agogo ake, pakati penipeni pa bwalo loletsedwa lija. Apo mtima wanga unasweka. Zaka zinayi za khasu, chigafa, nkhokwe, nyumba ya m'mutu mwanga, zonse zathera pa nyemba imodzi. Ndinalira m'dengu muja, anyamata inu, misozi yeniyeni, sindikuchita manyazi kunena. Apongozi anangomupukuta mwana mphuno n'kumukankhira kwa ine, ndinabwerera kunyumba dengu lili kumutu.

Madzulo Nambewe anafika, mng'ono wake atachira bwino ndi mwana wamwamuna. Ndinamufotokozera za munda, za ngolo, za mtambo, koma za nyemba ndinadumpha, chipsera ndati ndagunda chitseko. AZakeyu anatiitana pansi pa mtengo wa mango wa pamalire. Anamutembenuza mwana uku ndi uku: wokhuta, wosamba, wopanda bala. Kenaka anafunsa mlongo wawo, amene anakhala chapatali atatifulatira, ngati mwanayo anaponda pabwalo pawo. Ine ndinatseka maso kudikira nkhwangwa.

"Mwana ameneyo sindinamuone masiku atatu onsewa," anatero apongozi. "Akamwini alera okha."

Ndinatsala pang'ono kugwa chagada. AZakeyu anaomba m'manja, ati, "Mawu ndi mawu. Akamwini, tengani mkazi wanu, tsiku mutchule nokha."

Pamenepo ndinayenera kuvina. Koma Nambewe anali atanyamula mwana n'kumununkhiza m'mutu, ndipo anandisendezera pakamwa kukhutu n'kunong'ona, "Bambo a Esinati, mtambo wanuwo umadzoza mwana mafuta a nsatsi ngati amayi?"

Aaa. Ndinanunkhiza nanenso. Mafuta a nsatsi enieni, amene m'mudzi monse ankayenga ndi munthu mmodzi yekha. Ndinakumbukira mbatata yootcha ija, ine ndisanaotche mbatata. Ndinakumbukira kampata ka mumpanda kuseri kwa nkhokwe yanga, kamene ndinkati aboola ndi agalu. Ndinayang'ana msana wa mayi uja, amene ankazemba ngati mbala kudzasambitsa mdzukulu pakhomo panga ine ndikupumitsa zikope, amene anathyola mwambo chifukwa cha mphuno ya mwana wanga, ndipo tsopano wanama pamaso pa mlongo wake kuti ine ndipeze chimene ndikufuna, akudziwa kuti ndimulanda mwana ndi mdzukulu yemwe. Kenaka ndinaganiza za kwathu kuseri kwa Madisi, kopanda mayi, kopanda mlongo, ine ndi Esinati ndi lichero la nyemba, kumwamba kuli mbee, kopanda mtambo ngakhale umodzi.

AZakeyu anali kudikira tsiku. Ndinakoka mpweya mpaka mimba inakhala ngati mpira, mmene ndinaonera kwa mwana wanga, n'kuyankha ndi mawu amene anandiphunzitsa masiku atatu: "Ayi."

Ndi mmene mukundioneramu, imvi mbuu, ndikadali mkamwini kwa Dzoole. Ana asanu ndi atatu, onse anasambitsidwa ndi mtambo womwewo mpaka tsiku limene tinakauika m'manda, ndipo tsiku limenelo ndinalira kuposa ana ake obereka. Koma wina asadzanene kuti Yesaya analephera chitengwa. Anandipatsa pamaso pa anthu, ndinakana ndekha, mwa kufuna kwanga! Za mtambo, chabwino, mwandigwira. Za munda, mwina khasu linathandizako pang'ono m'mbalimbali. Koma za nyemba ndilumbira paliponse, chipsera ndi ichi.

Inu a jekete yofiira, mwana wanuyo watola chiyani pansipo? Nthanga ya bwemba? Taimani, khalani chete, musamuuze kuti asaike m'mphu... Aaa, mwanena kale! Dzukani, dzukani msanga. Apongozi anu amakhala kutali bwanji?